Mutu 6: Chingwe Sichikwera Phiri

1. Uthenga wa pa njinga

Fodya sadikira munthu. Ukamuthyola m'mawa, pofika madzulo akhale atasokedwa ndi kupachikidwa m'chigafa. Apo ayi amatentha pamulu n'kuyamba kuola, ndipo thukuta lako lonse limathera pomwepo.

N'chifukwa chake Lachitatu limenelo Fainala sanatsalire ku kalabu ya zachilengedwe monga anzake. Belu lowerukira litangolira, anathamangira kunyumba, pakuti mayi ake, a Nankhoma, anali atamuuziratu m'mawa kuti, "Ukachedwa, ukagone ku kalabu komweko."

Tsopano anali atakhala pachiguduli m'chigafa, zingano m'manja, mulu wa masamba pambali. Zala zinali zitada ndi utomoni. Koma mtima sunali pa fodya ayi.

"Kodi ukusoka kapena ukusisita?" anafunsa mayi ake osatukula mutu. "Tsamba limodzi mpaka kuliwerenga mitsempha?"

"Ndikusoka, amayi."

"Soka ndithu. Mitambo ija ikusonkhana si ya ukwati."

Asanathe kunena, kunamveka kukhwekhwereza kwa phazi pansi. Anali Goodness, mnzake wa Fainala wa mu Fomu 2, pa njinga ya bambo ake yopanda mabuleki. Anaimira pa nsanamira ya chigafa, denga lonse n'kugwedezeka.

"Fai! Fai! Wapambana! A Mphepo asankha njira yako!"

Fainala anadzambatuka. Zingano inagwera uko, masamba uko. Atsikana awiriwo anagwirana manja n'kuyamba kuzungulira akukuwa, mpaka nkhuku zinathawira kuseri kwa nkhokwe.

Nkhani yake inali iyi. Ampingo anali atabwereketsa kosita yawo, basi yaing'ono ija, ku kalabu ya zachilengedwe kwa tsiku limodzi, Loweruka la sabata yotsatira. Aphunzitsi oyang'anira kalabuyo, a Mphepo, anauza ana onse kuti aliyense ajambule njira ya ulendowo. Malamulo anali atatu. Njirayo idutse m'mapiri ndi m'nkhalango. Izungulire, osabwerera momwe yadzera. Ndipo kosita ibwerere kwawo pa Santhe dzuwa lisanalowe, chifukwa makolo analola ana awo pa pangano limenelo. Mwini njira yopambana adzakhala kutsogolo ndi adalaivala, mapu m'manja, n'kumauza anzake dzina la phiri lililonse.

Mpando umenewo ndiwo unkamusowetsa tulo Fainala kwa masabata awiri.

A Nankhoma anadikira kuti phokoso lithe.

"Tathokoza," anatero. "Nanga fodyayu, wapambana nayenso? Iwe Goodness, popeza wabwera ndi manja ako onse awiri, zingano ina ndi iyo."

2. Mfundo khumi

Kukhala anakhaladi, koma pakamwa pa Fainala panali patatseguka, ndipo mwana wa Fomu 2 akatsegula pakamwa ngakhale mvula siimutseka.

Anatulutsa m'chikwama pepala lomwe anayambira kujambulapo, n'kuliyala pamiyendo.

"Amayi, tamverani. Tidzanyamuka pa Santhe, Kasungu, Nkhamenya, Jenda, mpaka Chikangawa kumitengo ya paini. Pamenepo tidzakhota, n'kulowa kamsewu aka ka m'nkhalango, kotsetserekera kunyanja. Kenako Nkhotakota, n'kukweranso phiri la Ntchisi, Mponela, Madisi, kunyumba! Njira yake yaoneka ngati dzira. A Mphepo akuti mapiri ena kalekale anali mwala wowira ngati phala pansi pa nthaka, ndiye unazizira n'kuuma. Ine ndidzawaona ndi maso angawa."

"Phala lako limenelo ukadye komweko, kuno tisakuphikire," anatero mayi ake.

"Success wa m'kalasi mwathu uja wakwiya zedi," anatero Goodness. "Yake inali yongopita kunyanja kukasamba. Phiri anajambula limodzi, nalonso lapatali ngati chipere. A Mphepo akuti yako yokha ndiyo inali ndi masamu."

"Masamu ake ndi awa."

Fainala anapisanso m'chikwama n'kutulutsa chingwe chokhala ndi mfundo. Anafotokoza monyadira. Kuchoka pa Santhe kukafika pa Kasungu Boma, minibasi imatenga ola limodzi. Ndiye iye anayeza kamtunda kameneko pa mapu aakulu a pakhoma la kusukulu, n'kumanga mfundo pachingwe. Anamanganso ina pa utali womwewo, inanso, inanso. Mfundo iliyonse, ola limodzi. Kenako anazunguliza chingwecho pa njira yake yonse. Zinakwana mfundo khumi ndendende.

"Kunyamuka sikisi koloko, kufika folo koloko. Ngakhale titadya masana ola lathunthu, dzuwa lidzakhala likadalipo."

A Nankhoma anachiyang'anitsitsa chingwecho.

"Kani chingwe changa chosokera chinapita ku Chikangawa! Ine kumangonamizira makoswe."

3. Mizere isanu ndi umodzi

"Odi kuno!"

Anali a Moffat, atabwera kudzabweza nkhwangwa. Bambo ameneyu anali tenanti pa esiteti ya kutsidya kwa dambo. Kwawo kunali kumapiri a ku Dedza, ndipo asanayambe za fodya anakhalapo zaka zambiri pa lole yonyamula matabwa. Anali wamfupi, wa imvi za m'mbali, wokonda kuseka.

"Lowani, a Moffat," anatero a Nankhoma. "Mwapeza kuno tili ndi dalaivala watsopano."

Goodness sanadikire kufunsidwa. Anafotokoza zonse, mpaka za chipere cha Success. A Moffat anapukuta manja pa buluku n'kulandira pepalalo ndi manja awiri. Analondola mzere ndi chala pang'onopang'ono, akugwedeza mutu.

"Mwajambula bwino, mwana wanga. Malo onsewa ndikuwadziwa. Ndi okongola kwabasi. Ulendowu ndi wa masiku angati?"

"Tsiku limodzi."

"Pa ndege?"

Goodness anaphulika nako kuseka. Fainala sanaseke. Anawaonetsa chingwe chija n'kubwereza masamu ake, mawu atakwera pang'ono.

A Moffat sanatsutse. Anangoyang'ana uku ndi uku, n'kutola chingwe china chachitali chomwe chinali pansanamira.

"Tabwerani kuno kumunda, pafupi pompa."

Anapita pamene fodya anali atathyoledwa kale. Anapatsa Goodness nsonga imodzi, iwo n'kugwira inayo, n'kuchikoka pamwamba pa mizere.

"Werengani. Chadutsa mizere ingati?"

"Khumi," anatero Fainala.

"Chabwino. Koma galimoto siuluka ngati chingwechi. Imayenda ngati nyerere. Tsopano chigonekeni pansi. Chitsike m'khwawa, chikwere pamzere, chitsikenso."

Fainala anagwada n'kuyamba kuchikanikiza ndi chala m'khwawa lililonse. Chingwe chinathera pa mzere wachisanu ndi chimodzi.

"Mizere inayi yapita kuti?" anafunsa a Moffat.



"Yadyedwa ndi phiri," anadziyankha okha. "Mwana wanga, inu anthu a kuno munabadwira pa mphasa. Kuno munthu ukaima pachulu umaona mpaka kwa apongozi ako. Msewu umangoti mbee, dalaivala n'kumayendetsa ndi chala chimodzi. Ndiye mumayesa dziko lonse lili choncho. Kumapiri ola si ola. Pali zitunda zina galimoto imalira mpaka kumvetsa chisoni, munthu woyenda pansi n'kukupitirirani akudya nzimbe. Potsika ndiye usanene. Ukathamanga mabuleki amanunkha ngati nsapato yakupsa. Apa mwajambula mowongoka apa, msewu wake umapindika ngati matumbo a nkhuku. Mapu sangajambule zonsezo, pepala lingachepe.

"Ndiye pali nkhungu. Ku Chikangawa imatha kutsika masana dzuwa likuswa mtengo, osaonanso ngakhale mphuno ya galimoto yako. Kuzizira kwake, inu ovala malaya amodzi mano angaguluke.

"Koma choopsa ndi kamsewu aka kam'nkhalangoka. M'chilimwe kamadutsika. Mwezi uno wa Malichi, mvula isanatsanzike, dothi lake ndi sopo. Malole a mitengo amakumbamo maenje ofika m'chiuno. Ife tinatitimiramo chaka china Lachiwiri. Tinatuluka Lachisanu. Tinkadya chinangwa chachiwisi, n'kumaotha matabwa a abwana. Tinali amuna anayi ndi mafosholo. Inu mudzakhala ana makumi awiri ndi aphunzitsi a tayi."

Anabweza pepala lija, ndi manja awirinso.

"Njira yanu ndi yabwino. Ipatseni masiku atatu ndi mwezi wa Ogasiti."

Anatsanzika n'kumapita, akuimba kamluzu.

4. Mayi alankhula

Atabwerera m'chigafa, Fainala anatola zingano mwaukali n'kubaya tsamba mpaka kuling'amba.

"Akudziwa chiyani iwowa?" anang'ung'udza. "Munthu wolekezera Sitandade 4. Tenanti. A Mphepo anapita ku koleji, ndipo avomera."

Zingano ya a Nankhoma inaima. Goodness anayang'ana pansi, pakuti aliyense pamudzipo ankadziwa kuti zingano ya a Nankhoma ikaima, kunja kwaipa.

"Bwereza."

Fainala anaweramira tsamba long'ambika lija.

"Tamvera, iwe. Ine ndatopa, msana ukundiwawa, ndiye ndinena kamodzi. Sukulu imene ukupitayo ndimakulimira ndine, ndi manja awa. Ndinakutumiza kuti ukawonjezere nzeru, osati ukachotse ulemu. Bambo amene uja wasiya ntchito yake, wapita nawe m'munda mwako, wakuphunzitsa mwaulere zimene iye anaziphunzira ndi njala ya masiku atatu. Iwe malipiro ake ndi kumutcha tenanti? Utenanti ndi matenda? Akusoka fodya ngati amene ukusoka iweyu. Kusiyana kwake n'koti iye amasoka msanga.

"Za koleji usandiuze. Aphunzitsi ako anawerenga phiri m'buku. A Moffat analikankhapo lole. Ukafuna kudziwa kuya kwa mtsinje umafunsa amene wanyowa, osati amene wanyamula ambulera.

"Ndipo usaganize kuti nkhaniyi ndi ya iwe wekha ndi kampando kako. M'galimotomo mudzakhala ana a eni. Mudzakhala Lusiya wa mphumu uja, amene akangozizidwa chifuwa chimalira ngati mphaka. Dzuwa likadzalowa inu muli m'thengo, amayi awo sadzapita kwa a Mphepo. Adzabwera pakhomo pano. Adzati, mwana wa Nankhoma ndiye anajambula. Ine ndidzawayankha chiyani? Kuti chingwe chinanama?

"Kulakwitsa masamu si mlandu. Dzulo sunkadziwa. Koma lero wadziwa, waona ndi maso ako mizere inayi ikusowa. Kuyambira lero likakhala bodza, ndi lako. Ine sindikuperekeza kusukulu, ndipo sindikakunenera. Ndili ndi fodya. Uchite zimene ukuona. Ndipatse masamba awo."

Zingano inayambanso kuyenda. Nkhani inathera pomwepo.

Dzuwa litapendeka, Fainala anaperekeza mnzake mpaka pa mtengo wa mango wa kumsewu.

"Fai, ungokhala chete," anatero Goodness akukankha njinga. "Pepala lako alimata kale pa bolodi, dzina lako m'malembo akuluakulu. Adalaivala akadzaona kuti njira yatalika adzatembenuka okha. Iwe udzakhala utakhala kale kutsogolo. Ukakaulula, Success adzakuseka mpaka Fomu 4."

"Nanga akadzaona titalowa kale m'kamsewu kaja? Kosita ingatembenukire pati?"

"Aaa, iwenso. Mwina mvula idzakhala itasiya."

Onse awiri anayang'ana kumwamba. Dontho loyamba linagwera Goodness pamphuno.

5. Mapu a pansi

M'mawa mwake Fainala anadzuka kusanayere bwino. Anasesa, anatunga madzi, n'kuvala yunifolomu. Mayi ake anaona kuti sanalowere njira ya kusukulu koma ya kudambo. Anangopitiriza kutsuka poto.

Anawapeza a Moffat ali kale m'munda wa esiteti, masamba atadzaza pamkono, buluku litanyowa ndi mame mpaka m'mawondo. Fainala ananjuta mwaulemu.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka, kaya inu adalaivala? Ndege yanyamuka?"

"Yagwa," anatero Fainala, ndipo kwa nthawi yoyamba anaseka. "Bambo, ndabwera kudzafunsa. Kodi ilipo njira ya tsiku limodzi yokhala ndi phiri ndi nkhalango?"

A Moffat anayang'ana kumapeto kwa munda ngati kukubwera akapitawo. Kunalibe. Anatsitsa masamba, n'kuthyola kamtengo, n'kusalaza dothi ndi phazi.

"Ilipo, koma si dzira la nthiwatiwa ngati lanu lija. Ndi la njiwa. Onani. Apa ndi pa Santhe. Mupite Kasungu, mukhotere kum'mawa mpaka pa Malomo. Pamenepo muyang'ane kumwera, ku Ntchisi. Mukayamba kuona dziko likuchita mafunde, mwafika. Phiri lake lili ndi nkhalango yoti masana mkati mwake mumakhala ngati m'bandakucha. Mitengo yake, anthu atatu kugwirana manja osaizungulira. Muli anyani, muli mbalame zoti kuno simunazimvepo. Ukaima pamwamba kunja kutayera, nyanja umaiona uko ikunyezimira, osafikako."

Fainala ankakopera m'kope mwake msangamsanga.

"Apa ndathinitsa mizere apa, ndi msewu wafumbi wokwera. Mfundo imodzi ya apa muiwerenge ziwiri. Kukagwa mvula dzulo lake, musakakamire. Siyani galimoto m'munsi, mufunse anthu a pamenepo, mukwere wapansi. Miyendo sititimira. Aliyense atenge juzi. Ndipo dzuwa likangopendeka, muyambepo kutsika, ngakhale ana alire. Mudzere Mponela, Madisi, n'kutulukira kuno. Mudzafika nkhuku zisanalowe."

"Chikangawa ndiye ayi?"

"Chikangawa sichithawa. Phiri ndi chinthu chokhacho chimene ungachiuze kuti ndidikire, n'kukudikiradi."

Fainala anatseka kope. Anaima pang'ono, akukanda dothi ndi nsapato.

"Bambo, dzulo mutachoka ndinakunenani zachipongwe. Pepani."

"Ndinamva," anatero a Moffat akutola masamba awo. "Chigafa chilibe chitseko. Ndinamvanso yankho la amayi anu mpaka kudambo. Thamangani, belu lilira."

6. Lata la kuseri kwa ofesi

Pa bolodi panali gulu la ana. Pepala la Fainala linali pakatikati, mapiri ake opakidwa choko chobiriwira, dzina lake pamwamba. Ena anamuombera m'manja. Lusiya anamukumbatira n'kunena kuti mayi ake alola kuti apite.

Fainala anaima pamenepo kanthawi. Kenako anatambasula dzanja, n'kumatula pepalalo yekha.

"Iwe, wapenga?" anafuula Goodness.

Fainala anapinda pepalalo n'kuliika m'chikwama. Anazungulira kuseri kwa ofesi kumene kunali chidutswa cha lata lomwe mphepo inasasula chaka chatha. Anachinyamula pamutu n'kukagogoda pachitseko cha aphunzitsi.

A Mphepo anali mnyamata ndithu, chaka chawo choyamba kuphunzitsa, ndipo tayi sinkawachoka pakhosi ngakhale tsiku la masewera. Anayang'ana lata, n'kuyang'ana mwana.

"Fainala, wayamba ukalipentala?"

"Sala, njira yanga ndi yolakwika. Ndabwera kudzakuonetsani."

Anagoneka lata pansi. Anakoka chingwe pamwamba pa mizere yake, n'kuwerenga. Kenako anachikanikiza kuti chitsate kukwera ndi kutsika kwa lata. Chinafupika. Anafotokoza za zitunda, za nkhungu, za dothi la sopo, ndi za amuna anayi amene analowa Lachiwiri n'kutuluka Lachisanu. Aphunzitsi ena awiri anasiya kuchonga makope n'kubwera kudzaonerera. Pawindo panadzaza mitu ya ana.

A Mphepo anagwira pachipumi n'kuyamba kuseka.

"Ine amene ndimakuphunzitsani za mizere yosonyeza kukwera kwa malo! Ndinangoona choko chobiriwira ndi masamu oyera, mutu n'kuzungulira. Ndikuuze zoona, Fainala, chinthu chachitali chimene ndinakwerapo ine ndi masitepe a ku koleji. Wakuphunzitsa zimenezi ndani?"

"A Moffat, a pa esiteti ya kutsidya."

"Ndi a kalaliki?"

"Ayi, sala. Ndi tenanti." Analitchula liwulo bwinobwino, mutu uli chilili. "Andithandizanso kujambula ina. Iyi."

A Mphepo anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Wachita chinthu chovuta, ndipo wapulumutsa ine ndi anzako. Koma chilungamo ndi chilungamo. Njira imene inapambana yagwa, ndiye mpando wa kutsogolo ulibe mwini. Yachiwiri inali ya Success. Iyi yatsopanoyi yabwera mochedwa, komanso sunaijambule wekha. Sindingaisankhe ndekha, ndalakwitsa kale kamodzi. Lachitatu kalabu yonse idzakweza manja: nyanja ya Success kapena phiri lako."

"Nyanja!" anakuwa wina pawindo.

Anali Success mwiniwake, mano onse pamtunda.

"Pepa, Mayi Chingwe! Ndidzakusungira malo kumbuyo, pa tayala!"

"Zikomo," anatero Fainala. "Ukadzafika kunyanja udzasambe ndithu. Papita nthawi."

Ana a pawindo anagwa nako kuseka, ndipo Success anasowa poyang'ana.

"Basi, basi," anatero a Mphepo. "Koma Fainala, anzakowa akumva kale fungo la nsomba. Iwe wekha sungawatembenuze, inenso phirilo sindinalionepo. Ngati ukufuna liwine, a Moffat abwere Lachitatu adzatiuze ndi pakamwa pawo. Ndidzawapatsa mpando wanga ndi choko."

7. Kumasula

Madzulo anapeza mayi ake m'chigafa, pamalo pomwe paja, ngati sanasunthepo chichokereni. Mulu wa lero unali waukulu kuposa wadzulo.

Fainala anasintha zovala n'kukhala pachiguduli chake.

"Mpando wapita," anatero.

"Wapita kuti?"

"Ndakaulula. Adzavota Lachitatu."

"Anakumenya?"

"Ayi."

"Wafa?"

"Ayi, amayi."

"Ndiye soka."

Koma potero anakankha ndi phazi mbale yovundikira yomwe inali kuseri kwa nsanamira. Munali chimanga chachiwisi chootcha, ngala ziwiri, zikadali zofunda. A Nankhoma sankaotchera munthu chimanga nthawi ya fodya, ngakhale abusa. Fainala anawayang'ana, koma iwo maso anali pa zingano.

Akudya, anawafotokozera zonse: za lata, za masitepe a ku koleji, za Success ndi kusamba. Pa za kusambazo phewa la a Nankhoma linagwedezeka pang'ono, koma anati ndi chifuwa.

"Ndiye a Mphepo akuti a Moffat abwere kusukulu Lachitatu adzaphunzitse. Adzawapatsa choko! Mawa ndikawauza."

"Ukawauza iwo? Iwe, kodi umakhala dziko liti? Tenanti sachoka m'munda mwezi wa Malichi chifukwa choti mwana wamuitana. Chilolezo chili ndi akapitawo, a Samsoni. Chaka chatha munthu anapempha tsiku limodzi kuti akaone ukwati wa mchemwali wake. Anamuuza kuti adzaona zithunzi."

Chimanga chinaima pakamwa pa Fainala.

"Ndiye mukandipemphere ndinu, amayi. Inu amakuopani."

"Ine? Amene akufuna mpando ndine? Unakwanitsa kunyamula lata mpaka mu ofesi, pakhomo pa a Samsoni sipangakukanike. Upite Loweruka m'mawa, asanalowe m'munda. Uvale chitenje, ugwade, ndipo uganiziretu chimene ukawayankhe akakufunsa kuti masamba a a Moffat adzathyola ndani tsiku limenelo. Utengenso kamtengo. Galu wawo sadziwa za kalabu."

Kunja kunagunda bingu chakutali. A Nankhoma anasuzumira m'thumba la zingwe, n'kulikutumula. Munalibe kanthu.

"Chingwe chatha. Bweretsa chija unaba."

Fainala anachitulutsa m'chikwama n'kuyesa kuchilowetsa pa zingano. Chinakana. Mfundo yoyamba inatsekereza pabowo.

"Unamanga wekha," anatero mayi ake. "Masula wekha."

Mfundo zinali zitalimba ndi utomoni. Fainala anayamba ndi zikhadabo, kenako mano. Ya ku Kasungu inamasuka. Ya ku Jenda inamasuka. Ya ku Chikangawa inavuta, koma nayonso inagonja. Pamene mvula inkayamba kuwaza pa udzu wa chigafa, anali atasoka masamba a mbali yomasukayo, mfundo zisanu ndi ziwiri zikulendewera pabondo, mulu wa fodya ukadali wofika m'chiuno, ndipo yankho la kwa a Samsoni anali asanalipeze.